Ng'ombe ya Apongozi Anga

Ntchito yanga yoyamba inali ya pa dibi la ng'ombe, m'dera la Maseya ku Chikwawa. Nditamaliza maphunziro a zoweta, boma linandipatsa njinga, yunifolomu ya khaki ndi kanyumba ka malata pafupi ndi dibilo. Anthu ankanditchula kuti adokotala a ng'ombe, ine osakana. Ntchito yeniyeni inali yosungunula mankhwala m'madzi ndi kukalipira ng'ombe kuti zidumphiremo, nkhupakupa zife. Koma mukanandiona ndikuyenda pamsika, mapewa ali m'mwamba, mukanati ndimang'amba anthu kuchipatala chachikulu. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo ndinkadzimva kwambiri.

Kwathu ndi kumapiri. Kuchigwa ndinatsikira ntchito, ndipo ndinakwatira komweko, mwana wa mkulu wina wa ng'ombe zambiri. Apongozi angawo anali munthu wamtali, wolankhula pang'ono, mkulu wa mpingo, ndipo akamayankhula ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena osazindikira n'komwe. Sanali munthu woipa. Kungoti pakhomo pawo mawu awo anali omaliza, ndipo ine ndinali mkamwini. Mkamwini kumeneko sakhala pampando apongozi ali pomwepo, sadya nawo mbale imodzi, sawayang'ana m'maso. Ukakhala ndi mawu, umawapatsira mkazi wako kapena ankhoswe kuti akafikitse. Pa dibi ndinkakalipira ng'ombe zawo momwe ndafunira, koma ndikalowa pabwalo pawo ndinkavula chipewa n'kukhala pansi chapatali. Ulemu umenewu ndinkaunyadira, chifukwa anthu ankati mnyamata wakumapiriyu ngakhale ndi wophunzira, mwambo akuudziwa.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kuiwala nsapato koma osati khadi la chipani. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itakolera, ndipo anthu othawa ankawoloka tsiku ndi tsiku. Pamisonkhano tinkauzidwa kuti tikhale maso ndi alendo. Mphekesera nazo zinali mbwee. Ena ankati kutsidyako asilikali akuthira poizoni m'zitsime. Ena ankati kuli anthu amene amasunga tizilombo ta matenda m'mabotolo, n'kumawaza dala pamsipu kuti ng'ombe za adani awo zithe, eni ake afe ndi njala. Kaya zinali zoona kaya ayi, mpaka lero sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu ankazikhulupirira, ndipo ineyo ndinkazithira mchere tikamasewera bawo, poti munthu wophunzira sayenera kusowa chonena.

Kumapeto kwa mudzi wa apongozi, kufupi ndi migwalangwa, kunkakhala bambo wina wa zikopa. Anachokera kutsidya kalekale nkhondoyi isanayambe, ndipo ana ake onse anabadwira kuno. Sankaweta kanthu. Ng'ombe ikaphedwa kapena ikafa, ankamuitana kuti adzasende, ndipo mwambo unali wakuti wosenda amatenga chikopa. Ankachiviika kudambo kumene ng'ombe zinkamwera madzi, n'kuchifufuta, n'kupanga zingwe za ngolo, mipando ndi ng'oma za kutchalitchi. Nyama ya ng'ombe sankadya, ankati imamutupitsa m'mimba. Anthu ankamuseka kuti ndi munthu wanji wogwira nyama tsiku lonse n'kukadyera mlamba wouma, iye n'kumaseka nawo. Anali wamkulu kwa ine kutali, koma ankandipatsa moni wa manja awiri.

Chaka chimene ndikunenachi chilimwe chinapsa kwambiri. Msipu unatha, ng'ombe zinkazula udzu ndi mizu yomwe, n'kumanyambita dothi m'mbali mwa dambo. Kwa apongozi kunali kalikiliki chifukwa mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, anali pafupi kukwatira mtsikana wa kwa Mbenje ku Nsanje, ndipo ng'ombe za malowolo zinali zitasankhidwa kale kuti ziperekedwe mwezi wotsatira. M'mawa wina mkazi wanga anabwera pa dibi n'kundiuza kuti kwa bambo ake kwafa ng'ombe, mthena wonenepa uja wa nyanga zopindika. Dzulo lake unali bwinobwino. Ndinamukweza panjinga n'kupita.

Tinapeza anthu atasonkhana kale kuseri kwa khola, amayi atanyamula mabeseni. Ng'ombe inali gone, mimba itatupa ngati ng'oma, chikhalirecho inali itangofa m'bandakucha. Ndinagwira mwendo ndi ndodo, unali wofewa, wosauma monga imachitira nyama yakufa. M'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo munkatuluka magazi akuda bii, osagwirana, akungoyenda pang'onopang'ono pa dothi.

Matenda amenewa ndinali ndisanawaonepo ndi maso, koma kusukulu mphunzitsi wathu anatiimbira mpaka makutu kuwawa. Dzina lake ndi anthiraksi. Tizilombo take timakhala m'dothi zaka ndi zaka, ndipo ng'ombe imatitola ikamadya mofika pansi nthawi ya chilala. Munthu akadya nyamayo amadwala m'mimba, ndipo akhoza kufa. Akagwira magazi ali ndi kabala pakhungu, amatuluka chilonda chakuda. Lamulo linali lalifupi: ng'ombe yotere osaisenda, osaing'amba, osaikoka. Uiwotche pomwepo kapena uikwirire m'dzenje lakuya, ndipo tsiku lomwelo udziwitse akuluakulu. Pa mayeso funso limeneli ndinalikhoza bwino kwambiri.

Koma ndinkadziwanso chimene chimatsatira ukadziwitsa akuluakulu. Khola la apongozi likanatsekedwa, ng'ombe za dera lonse zikanaletsedwa kuyenda, malowolo sakanapita ku Nsanje, ukwati ukanaima. Ndipo mudzi wonse ukanadziwa kuti amene wachita zimenezi ndi mkamwini, mlendo wakumapiri, amene analanda nyama m'mabeseni mwa anthu chaka cha njala. Ndinachita zimene mwambo unandiphunzitsa. Ndinakokera mkazi wanga pambali n'kumunong'oneza.

"Kawauzeni bambo kuti nyamayi ndikuikayikira."

Mawu anga anali amenewo. Sindinati ndi matenda, sindinati ipha anthu. Ndinati ndikuikayikira, ngati munthu amene akunena za mkaka wogona. Mkazi wanga anapita, anagwada, ananena. Apongozi anayankha mokweza, maso ali pa ng'ombe, osati pa ine.

"Akamwini akuti ninji? Ng'ombe iyi yalumwa na nyoka. Ine ndayamba kusunga ng'ombe iwo asanabadwe. Nyama nkhabe kutayika pano, anthu ali na njala."

Anthu anaseka. Kenako apongozi anachita chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirireni mwana wawo. Anatembenuka n'kundiyankhula ine mwini, pamaso pa anthu.

"Kapena adokotala aona chinthu china? Ngati chilipo, anene."

Anandifunsa ndithu. Pa zaka zonsezi ndayesa kudziuza kuti mwambo unanditseka pakamwa, koma limenelo ndi bodza. Mwambo unali utanditsegulira njira, mwini khola anali atandipatsa mpata. Ndinangoopa kusekedwa kachiwiri. Ndinazyolika, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Ayi bambo, palibe. Mwina ndi njoka ndithu."

Bambo wa zikopa uja ananola mpeni n'kuyamba ntchito. Ndinaima chapatali, ngati kuti ndikupereka ulemu, pamene ndinkathawa magazi. Iye manja anali ofiira mpaka m'zigongono, ndipo pamkono wamanja panali kabala ka minga kamene ndinakaona bwinobwino. Atang'amba mimba anatulutsa kapamba. Anali wamkulu modabwitsa, wakuda, wofewa ngati phala. Anamunyamula ndi manja awiri n'kundiyang'ana.

"Adokotala, kapamba uyu mwamuona? Ine chiyambireni kusenda sindinaone wotere."

"Ameneyo mutaye," ndinatero, n'kuyang'ana kumbali.

Nyama inagawidwa mudzi wonse. Ine monga mkamwini ndinapatsidwa mwendo wakutsogolo, gawo laulemu, ndipo ndinaombera m'manja n'kulandira m'thumba la chiguduli kuti ndisaukhudze. Titafika kunyumba masana, sindinalowe nawo m'khitchini. Ndinatenga khasu, ndinapita kuseri kwa dibi, ndinakumba dzenje lofika m'chiuno, n'kuponyamo mwendo ndi thumba lomwe. Ndinasamba m'manja ndi sopo katatu. Nditatembenuka ndinapeza mkazi wanga ataima, mwana wathu ali kumsana.

"Mukukwirira nyama ya bambo?"

"Si nyama yodya imeneyi."

"Nanga kwathu akudya chiyani?"

Ndinati akaiphika kwambiri mwina ikhala bwino. Anamanga mwana bwinobwino n'kubwerera kwawo wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Anabwerako madzulo maso atafiira. Mayi ake anamukalipira kuti asachititse bambo ake manyazi, ndipo anamuuza kuti adokotala akanakhala kuti aona kanthu akananena pamene anafunsidwa. Mabanja ambiri anali atadya kale, ena atawamba yotsala.

Patapita masiku atatu anthu anayamba kugwa. Kusanza, kutsegula m'mimba kwa magazi, ena khosi kutupa mpaka kulephera kumeza madzi. Ngolo zinkapita kuchipatala zitadzaza, ng'ombe zokoka zikumangidwa ndi zingwe za bambo wa zikopa yemwe uja. Kuchipatala anati ndi nyama yoipa, anawabaya majekeseni, ndipo ambiri anachira. Awiri sanachire. Mmodzi anali mayi wachikulire woyandikana ndi apongozi. Winayo anali mdzukulu wa apongozi, kamtsikana ka mchemwali wake wa mkazi wanga, kamene kanali katangoyamba sukulu. Pamaliro pake ndinagwira ntchito ya mkamwini mosalakwitsa: ndinawaza nkhuni, ndinatunga madzi, ndinanyamula nawo bokosi. Anthu anandiyamikira kuti ndine mkamwini wolimbikira. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo, koma ndinkayankha kuti zikomo.

Maliro asanachitike, bambo wa zikopa anabwera pa dibi. Anapinda malaya n'kundionetsa mkono. Paja panali kabala panali chilonda chozungulira, pakati pakuda ngati khala, mkono wonse utatupa.

"Adokotala, ichi n'chiyani? Chinayamba ngati kuluma kwa udzudzu. Chodabwitsa, sichipweteka."

Ndinadziwa. Chinali chimodzimodzi ndi chithunzi cha m'buku lathu la kusukulu. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo akapemphe jekeseni, asachedwe ndi zitsamba. Dzina la matenda sindinamuuze. Anapita, anabayidwa, mkono unayamba kuphwa. Kanthu kameneka ndakhala ndikukatulutsa nthawi zambiri podziteteza mumtima mwanga, kuti pajatu ndinamutumiza kuchipatala. Ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo ndikamakatchula ndimachita manyazi kuposa ndikakhala chete.

Maliro atatha, nkhani inali m'kamwam'kamwa. Njoka ija inaiwalika, chifukwa aliyense ankadziwa kuti nyama yolumidwa ndi njoka anthu akhala akudya kuyambira kale osafa. Ndiye chinapha ng'ombe n'chiyani? Anthu anayamba kuwerenga zala. Ndani amene anagwira nyama kuposa onse koma osadya? Ndani amene amapezeka yekhayekha kudambo kumene ng'ombe zimamwera? Ndani amene kwawo ndi kutsidya, kumene kuli mabotolo aja? Ndipo chilonda chakuda chija anati ndi pamene poizoni anamudonthera akuthira m'madzi. Chizindikiro chenicheni chakuti nayenso ndi wodwala chinasanduka umboni wakuti ndi wakupha.

Za nyumba yanga palibe amene anafunsa. Anthu ankangoganiza kuti tinadya n'kuchita mwayi, ndipo ndani akanakayikira munthu wa boma, mkamwini wa pakhomo pamaliro? Apongozi nawo, amene poyamba ankakana kuti bambo wa zikopa sangachite zotere, anayamba kukhala chete, kenako anayamba kugwedeza mutu movomereza. Sindiwaweruza. Mdzukulu wawo anali m'manda, ndipo ndi iwo amene analamula kuti nyama igawidwe. Nkhani ya poizoni inkawachotsera katundu amene sakanatha kumusenza. Inkandichotseranso ine, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi yabodza.

Msonkhano unaitanidwa Loweruka masana, pansi pa mitengo ya nimu pafupi ndi msika. Amene anatsogolera anali tcheyamani wa chipani wa m'deralo, munthu wogulitsa thonje amene ndinkasewera naye bawo. Anyamata ake anaima kumbuyo. Bambo wa zikopa anamukhazika pansi pakati pa bwalo, mkono atakulunga kansalu. Mkazi wake ndi ana anakhala kumbali kwaokha, palibe amene anafuna kuyandikana nawo. Anthu anayankhula mmodzimmodzi. Wina anati anamuona kudambo m'mawa ng'ombe isanafe. Wina anati alendo olankhula Chipwitikizi anagonapo kwake. Wina anati n'chifukwa chake sadya nyama, amadziwa zimene amaikamo. Iye ankangoti, "Nkhabe, ine ndimaviika zikopa basi. Mukundidziwa nonsenu." Mawu ake ankamira m'phokoso.

Tcheyamani uja, kunena zoona, sanafune kuthamanga. Anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, n'kundiitana.

"Adokotala a ng'ombe, inu ndi a boma, munapita kusukulu ya zimenezi. Tiuzeni. Kodi alipo matenda a ng'ombe amene amachita zotere, kupha ng'ombe usiku umodzi, kupha anthu odya, kuwotcha wosenda? Ngati alipo, nenani, munthuyu apite kwawo."

Ndinaimirira. Kutsogolo kunali apongozi, maso ali pansi. Kumbali ya amayi kunali mkazi wanga, akundiyang'ana osaphethira. Yankho linali liwu limodzi, ndipo linali pa lilime. Koma ndinaona mafunso amene akanatsatira. Munadziwa liti, adokotala? Bwanji simunanene pamene apongozi anu anakufunsani? Mwendo uja munapatsidwa uli kuti? Masiku amenewo wantchito wa boma wobisa matenda oopsa sankangochotsedwa ntchito. Akanatha kumunena kuti akugwirizana ndi adani a dziko, ndipo amene akanakhala pansi pakati pa bwalo ndikanakhala ine. Ndinaganiza za mwana wanga, ndinaganiza za kanyumba ka malata. Ndikuvomera kuti ndinaganizanso za dzina lija la adokotala.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Zinthu zotere zimafunika makina a kulikulu. Ine sindingatsimikize."

Bambo wa zikopa anadzutsa mutu.

"Adokotala, kapamba uja. Munamuona inu. Auzeni za kapamba uja."

Sankandiimba mlandu. Ankandikumbutsa, monga mmene umakumbutsira mnzako amene waiwala. Mnyamata wina anamukankha paphewa kuti akhale chete, ine ndinakhala pansi. Dzuwa lisanapendeke anamukweza pa lole n'kupita naye kuboma kuti akafunsidwe bwino.

Kunyumba mkazi wanga anandiikira madzi osamba ndi chakudya monga mwa masiku onse. Nditayamba kudya anakhala pakhomo, atandifulatira.

"Bambo anga anakufunsani. Lero tcheyamani wakufunsani. Mukudikira kuti akufunseni ndani?"

Ndinamukalipira. Ndinati iye ndi mkazi, sadziwa mmene zinthu zikuyendera m'dziko muno, ndipo ngati akufuna kukhala wamasiye mwamuna ali moyo apite akanene yekha. Ndinadziwa kuti sanganene, chifukwa kunena kukanagwetsa ine ndi bambo ake pamodzi. Ndinamumanga manja ndi chikondi chake chomwe, ndipo chimenechi sanandikhululukire msanga.

Masiku otsatira ndinayamba kukonza zinthu mwakabisira, ngati mwana amene waswa mbale akubisa zidutswa. Ndinalembera akuluakulu anga kupempha katemera wa ng'ombe, ndinati n'kupewa chabe chifukwa cha chilala. Ndinaunjika nkhuni pamalo pamene ng'ombe inasendedwera n'kuwotchapo, ndinati ndikuthamangitsa ntchentche. Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali chikopa. Chinali chikadali chokhomedwa ndi zikhomo kuseri kwa nyumba ya bambo uja, ana ake akusewera pomwepo, ndipo tizilombo timeneti m'chikopa sitifa. Ndinapita masana ndi yunifolomu yanga, ndinachizula ndi ndodo, ndinachithira palafini n'kuchiwotcha. Anthu anaima m'njira kuonerera. Pofika madzulo mudzi wonse unkati mwaona, ngakhale adokotala awotcha chikopa chija, ndiye kuti munali poizoni ndithu. Ana ake ndinawapulumutsa ku matenda, koma bambo awo ndinawakhomerera msomali wina.

Katemera anabwera, ng'ombe zinabayidwa, palibe ina inafa. Mwezi wotsatira ng'ombe za malowolo zinanyamuka kupita kwa Mbenje, ndipo kalata yoziloleza kuyenda ndinasaina ndine. Za bambo wa zikopa kunkangomveka manong'onong'o. Ena ankati akadali m'chitokosi kuboma, ena ankati amupititsa kwina.

Tsiku lina m'mawa, ng'ombe zitamaliza kudumphira m'dibi, ndinaona mayi ataima pafupi ndi mpanda. Anali mkazi wa bambo uja. Anali ataonda, nsalu itamuzungulira kawiri. Anadikira mpaka eni ng'ombe onse atapita, kenako anabwera, anagwada chapatali n'kuyamba kuchonderera m'Chisena chosakaniza.

"Baba, ndaphata mwendo. Ndilembereni kalata ya kuboma. Ine kulemba nkhabe. Aphunzitsi akana, akuopa. Kutchalitchi akuti tidikire. Ndabwera kwa imwe."

Ndinafuna kukana, koma ndinalibe chifukwa chimene ndikanatchula. Ndinatulutsa tebulo pakhonde, ndinang'amba pepala loyera, ndinatenga cholembera. Mkazi wanga anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula.

Mayiyo ankanena, ine ndikulemba. Anati mwamuna wake anabwera m'dziko lino ali mnyamata. Anati khadi ali nalo, ndipo sanaphonyepo msonkhano. Anati ng'oma zonse za m'tchalitchi anakunga ndi iye. Anati alendo aja anagona kwawo anali mlongo wake ndi ana, othawa nkhondo, ndipo anapitirira kumsasa wa othawa. Anati kudambo amapita kukaviika zikopa chifukwa kulibe madzi kwina. Anati nyama sadya kuyambira ali mwana, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Ankayankhula pang'onopang'ono kuti ndisasiye liwu, maso ali pa cholembera ngati kuti akhoza kuwerenga. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo ndinkadziwa kuti palibe ngakhale chimodzi chimene chikanamutulutsa.

Atamaliza anati, "Lembaninso ichi, chachikulu. Lembani kuti adokotala a ng'ombe, munthu wa boma, anafunsidwa pamaso pa anthu onse, ndipo sanamunenere choipa mamunanga. Anati sakudziwa."

Cholembera chinaima. Theka la pepala linali loyera. Panali malo okwanira kulemba kuti ng'ombe ija inafa ndi anthiraksi, kuti ine ndinaona magazi ndi kapamba, kuti chilonda cha pamkono ndi cha matenda omwewo, n'kusaina dzina langa pansi. Ikanakhala mizere inayi. Panalibe khamu, panalibe apongozi, panalibe anyamata a tcheyamani. Panali mayi mmodzi wosadziwa kuwerenga, amene sakanadziwa n'komwe zimene ndawonjezera mpaka kalata itafika. M'nyumba mkazi wanga anasiya kutsuka mbale.

Ndinalemba monga mmene mayiyo ananenera. Adokotala anati sakudziwa.

Ndinamuwerengera kalata yonse kuyambira pamwamba, iye akugwedeza mutu. Pa mzere womalizawo anamwetulira, koyamba chibwerereni. Ndinamupaka inki pachala n'kudinda pansi. Anapinda kalatayo kanayi, anaimanga pa nsonga ya nsalu, ndipo anaomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza m'Chisena.

"Takhuta, baba. Mudzi wonse uno anatilozera chala. Munthu ndimwe nokha."

Sindinathe kumuyang'ana. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo ngakhale pamaliro paja, ndipo sanandichokebe mpaka lero ndakalamba. Mayiyo ananyamuka wapansi ulendo wa kuboma, dzanja lili pa mfundo ya nsalu kuti kalata isagwe. Mwamuna wake sanabwerenso.